Kodi majini a expansin angapulumutse tirigu ku ng'amba?

Funso: Ndine wophunzira za ulimi chaka chachitatu. Kwathu ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, komwe makolo anga amalima tirigu pang'ono kuwonjezera pa mbatatesi. Timafesa mvula ikamapita kumapeto, ndiye chaka chimene mvula yadula msanga ngala zimatuluka zazifupi, njere zake zokhwinyata. Ndawerenga kuti tirigu ali ndi majini opitirira 200 otchedwa expansin, ndipo akuti amathandiza mbewu kupirira chilala, mchere ndi kuzizira. Ngati zili choncho, bwanji akatswiri sangowonjezera majiniwa n'kutipatsa mbewu yosaopa ng'amba?

Yankho: Zikomo achemwali. Zimene mwawerengazo si zabodza, koma zafupikitsidwa mpaka zataya mutu wake. Majini ndi tizigawo ta DNA tosunga malangizo a chibadwa cha mbewu, ndipo expansin, puloteni imene majini mwatchulawa amapangitsa, sapatsa mbewu madzi. Satseka timabowo ta pamasamba totulukira chinyezi, komanso sachotsa mchere m'nthaka. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kumasula khoma la selo kuti lithe kufutukuka. Kumasulako kumapindulitsa kapena kuwononga malinga ndi pamene kwachitikira ndi nthawi yake. Khoma lomasuka pansonga ya muzu dothi likuuma ndi chipulumutso, pamene khoma lomasuka pa tsamba nthawi yomweyo ndi kumwaza madzi amene mbewu ilibe.

Tiyambe ndi mmene selo la mbewu limakulira. Ganizirani chubu cha njinga chili m'kati mwa tayala. Selo limamwa madzi n'kufufuma, madziwo n'kumakankha khoma lolizungulira ndi mphamvu yoposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto kawiri, katatu, nthawi zina kupitirira apo. Khomalo ndi lolukidwa ndi timaulusi ta cellulose, chinthu chomwecho chimene chili mu thonje, ndipo timaulusito tagwirana ndi zomatira zina zochokera ku shuga. Selo silingakule khoma likakhala gwa, koma khoma likang'ambika selo laphulika. Chofunika ndi chakuti timaulusi titerereke pang'onopang'ono, tina kudutsa tinzake, uku selo likuwonjezera ulusi watsopano m'kati kuti khoma lisapyapyale. Amene amaluka madengu amadziwa: nsungwi youma siyipindika, imathyoka, ukainyika m'madzi imamvera dzanja koma siduka.

Chimene chimatererekesa timaulusi chinapezeka mu 1992 ku Pennsylvania State University ku America, m'labotale ya Daniel Cosgrove, pamodzi ndi Simon McQueen-Mason ndi Daniel Durachko. Njira imene anagwiritsa ntchito ndimaikonda chifukwa ndi yosavuta kuiona m'maganizo. Anatenga timatsinde ta nkhaka zongomera kumene, natiumitsa m'chisanu kenako n'kutisungunula kuti maselo afe, kutsale makoma okha. Kachidutswa kamodzi ankakapana mbali zonse ziwiri n'kupachikapo kolemera kochepa. Akakaviika m'madzi wamba, sikankatalika. Akakaviika m'madzi a asidi pang'ono, a pH 4.5, kankayamba kutalika pang'onopang'ono kwa maola ambiri ngakhale kanali kakufa. Akayamba akatenthetsa, kutalikako kunkatheratu, kusonyeza kuti muli puloteni imene kutentha kwaipha. Ndiye anachotsa mapuloteni m'makoma a nkhaka zina, nawathira pa kachidutswa kotenthetsedwa kaja, ndipo kanayambiranso kutalika. Atasefa mapuloteniwo mmodzimmodzi, anatsala ndi awiri amene ankachita zimenezi. Amenewo ndiwo anapatsidwa dzina loti expansin.

Patapita zaka ziwiri anaonetsa chinthu china chodabwitsa. Expansin akathiridwa pa pepala losefera la m'labotale, lomwe ndi cellulose yekhayekha, pepalalo limafooka koma timaulusi take sitiduka. Ma enzyme ambiri ogwira ntchito pa khoma amadula ngati lumo. Expansin sadula kanthu. Amangolekanitsa pamene timaulusi tagwirana, mphamvu ya madzi a m'selo n'kuchita zotsalazo. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikutanthauza kuti m'selo mukapanda madzi okankha, expansin ngakhale achuluke bwanji palibe chimene chingakule. Komanso amagwira bwino khoma likakhala la asidi, ndipo asidiyo amabwera pamene homoni ya auxin yalamula timapampu ta pakhungu la selo kuti tipope asidi kupita m'khoma. Choncho jini likhoza kukhalapo, puloteni n'kupangidwa, koma n'kungokhala chete chifukwa khoma silinawawase.

Tsopano ku chiwerengero chimene chakukopani. Banja la expansin lili ndi magulu anayi: EXPA, EXPB, EXLA ndi EXLB. Awiri oyambawo ndi amene anatsimikizika kuti amamasula khoma. Awiri enawo amangofanana nawo kapangidwe. Kambewu kakang'ono ka Arabidopsis, kamene akatswiri amayesera zinthu zambiri, kali ndi majini 36 a banjali. Mpunga uli ndi 58. Mu tirigu, gulu lina la akatswiri a ku China linawerenga 128 mu 2018, ndipo gulu lina la komweko linapeza 241 mu 2019. Musadabwe ndi kusiyanako. Chiwerengero chimadalira mapu a DNA amene munthu wagwiritsa ntchito ndi sefa imene wasankhira majiniwo, ndipo mapu athunthu a tirigu, a mtundu wa Chinese Spring, anatuluka mu 2018 momwemo.

Kuchuluka kwake sikusonyeza kuti tirigu ndi katswiri wopirira chilala. Kukusonyeza mbiri ya makolo ake. Tirigu wa buledi ndi mwana wa maudzu atatu osiyana amene anakwatirana kalekale. Udzu wa Triticum urartu unapereka gawo lotchedwa A, udzu wina wapachibale ndi Aegilops speltoides unapereka gawo B, ndipo zaka pafupifupi 8,000 mpaka 10,000 zapitazo tirigu wolimidwa wa magawo awiriwo anakumana ndi Aegilops tauschii, umene unabweretsa gawo D. Gawo lililonse lili ndi ma chromosome awiriawiri asanu ndi awiri, onse pamodzi 42. Ndiye majini ambiri a tirigu amayenda atatuatatu, lina pa A, lina pa B, lina pa D. Mukagawa 241 patatu mupeza pafupifupi 80, chiwerengero chosatalikirana kwambiri ndi cha mpunga. Ndi chifukwa chake mumaona maina ngati TaEXPB7-B: Ta ndi Triticum aestivum, EXPB ndi gulu, ndipo B wakumapetoyo akutchula gawo limene jinilo likukhala. Zimenezi zimavutitsanso ofufuza, poti ukazimitsa jini limodzi anzake awiri aja amapitiriza ntchito, mbewu n'kuoneka ngati palibe chachitika.

Pali chinthu china chimene maudzu onse, tirigu, chimanga, mpunga ndi mapira, amasiyana nacho ndi nyemba kapena fodya. Makoma a maselo awo ali ndi zomatira za mtundu wina, ndipo gulu la EXPB linachulukana kwambiri mwa iwo. Arabidopsis ali ndi ma EXPB 6 okha pamene mpunga uli ndi 19. Gululi linadziwika mu 1997 pamene Cosgrove ndi anzake anazindikira kuti puloteni ya mu mungu wa maudzu, yomwe imayetsemulitsa anthu ambiri ndi kuwayabwitsa maso nthawi ya maluwa, ndi expansin. Mu chimanga imathandiza kachubu ka mungu kuboola njira m'kati mwa ndevu mpaka kukafika pamene njere idzapangike. Expansin wa mu mungu wa chimangayu amamasula bwino makoma a maudzu koma sachita zambiri pa makoma a mbewu zina. Izi zidzakhala zofunika tikafika pa nkhani ya fodya.

Umboni wolimba kwambiri woti expansin amathandiza pa chilala sunachokere ku tirigu, unachokera ku muzu wa chimanga. Robert Sharp, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku University of Missouri, ankameretsa chimanga m'chinthu chouma kufika pa mlingo umene mbewu zambiri zimafota osadzukanso. Tsinde linkaleka kukula kotheratu, koma muzu woyamba unkapitirizabe kutsika, ngakhale mochedwa. Atayang'anitsitsa anapeza kuti mamilimita awiri kapena atatu a kunsonga ankatalika pa liwiro lomwelo ngati la muzu wothiriridwa bwino, pamene chigawo cha kumbuyo kwake chinasiya kukula msanga. Muzuwo unkatuluka wowonda, wosawononga madzi ndi chakudya pa kunenepa, nsonga yokha ikuthamangira pansi pomwe pali chinyezi. Mu 1996 Sharp ndi Cosgrove ndi anzawo anasonyeza kuti kunsonga kuja makoma anali omasuka kwambiri ndipo ntchito ya expansin inali itakwera. Kumbuyo kuja makoma anali atauma mtima, osamveranso expansin. Onani bwino: muzu umodzi, chilala chimodzi, koma pamtunda wosakwana sentimita imodzi mbewu ikumasula pena n'kumanga pena.

Izi mukhoza kuziona nokha opanda makina. Meretsani njere za chimanga kapena tirigu pakati pa mapepala onyowa. Muzu ukafika masentimita awiri kapena atatu, uikeni pafupi ndi rula n'kudontheza timadontho ta inki kuyambira kunsonga, motalikirana milimita imodzi. Bwezerani m'pepala lonyowa, muimike nsonga italoza pansi, ndipo muone mawa lake. Timadontho ta pafupi ndi nsonga tidzakhala titatalikirana, inki yake itatambasuka ngati timizere, pamene takumtunda tili pomwe munatisiya. Kachigawo kakang'ono kameneko ndi komwe nkhani yonse ya expansin ikuchitikira. Kudyetsa ophunzira mfundoyi ndi mawu kumatenga sabata. Ndi inki imalowa tsiku limodzi.

Kuno ku Africa tili ndi kambewu ka m'matanthwe kotchedwa Craterostigma plantagineum, kamene kamauma gwa m'chilimwe n'kudzukanso mvula ikagwa. Maselo ake akamataya madzi, makoma amapindika mwadongosolo ngati nsalu m'malo mong'ambika, ndipo kafukufuku wa mu 2004 anapeza kuti ma expansin amakwera pamene kakuuma ndi pamene kakumwanso madzi. Apa kumasula khoma sikukukulitsa kanthu, kukuteteza selo kuti lisasweke.

Nanga tirigu weniweni? Apa ndikupemphani muziwerenga ndi diso lakuthwa, chifukwa zolembedwa za banjali sizolemera mofanana. Zambiri zimayenda chonchi: afufuza majini pa kompyuta, awajambula pa ma chromosome, kenako ameretsa mbande m'madzi, sabata ziwiri zikakwana athiramo mchere kapena mankhwala otchedwa PEG amene amalepheretsa mizu kumwa, ndipo patapita maola angapo ayeza kuti ndi majini ati ayaka, ati azima. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndiyo imatiuza poyambira. Koma jini kuyaka nthawi ya mavuto si umboni woti ndilo likupulumutsa mbewu. Nyumba ikamapsa anthu ambiri amathamangira komweko, koma si onse anyamula ndowa. Komanso mbande ya sabata ziwiri yothiridwa PEG mwadzidzidzi ili kutali ndi tirigu wa makolo anu, amene dothi limamuumira pang'onopang'ono kwa milungu, dzuwa likuwomba, iye ali pafupi kutulutsa ngala.

Umboni wolemererapo unachokera ku Shandong Agricultural University ku China, komwe anatsatira majini awiri kwa zaka zambiri, TaEXPB23 ndi TaEXPA2. Anawaika mu fodya, poti fodya savuta kumulowetsa jini lachilendo. Fodya wa TaEXPB23 anapirira kusowa kwa madzi kuposa mnzake wamba, ndipo atalimangirira jinilo ku swichi (kachigawo ka DNA kolamula malo ndi nthawi imene jini liyake) yoyaka m'mizu mokha, mizu inachuluka ndi kuchita nthambi zambiri. Fodya wa TaEXPA2 anapirira kuuma ndi mchere, nabereka njere zochuluka. Mu 2020 anafalitsa zotsatira za TaEXPA2 mu tirigu mwini: mbewu zowonjezeredwa jinili zinapirira kuuma, ndipo zimene analifooketsa zinavutika msanga. Zotsatira zimenezi ndimazilemekeza chifukwa zikuyang'ana mbali zonse ziwiri. Komabe kumbukirani zija za makoma a maudzu: zimene jini la tirigu lachita mu khoma la fodya sizingangotengedwa kuti lichitanso chimodzimodzi mu tirigu mwini. Ndipo mbewu ya mumphika imene yapulumuka itamanidwa madzi sinakuuzeni kuti pa hekitala mudzakolola matumba angati. Mlimi sadya kupulumuka kwa mbewu, amadya njere.

Funso lanu loti bwanji osangowonjezera linayesedwa kale pa mbewu zina, ndipo mayankho ake ndi ophunzitsa. Mu 2001 gulu la McQueen-Mason linaika expansin wa nkhaka mu tomato moti aziyaka paliponse nthawi zonse. Anthu akanayembekezera tomato wamtali, koma anatuluka wopinimbira, masamba aafupi. Mu 2008 akatswiri ena anawonjezera ma expansin awiri mu Arabidopsis, ndipo mbewuzo zinayamba kuopa mchere kwambiri kuposa kale. Palinso nkhani ya matenda. Khoma ndi linga la selo, ndipo adani amafuna lomasuka. Mu mpunga, bakiteriya woyambitsa chiwawu cha masamba amapindula auxin akakwera n'kuyatsa ma expansin. Mu tomato wakupsa, kufewa kumene expansin amathandizira ndi komwe kumatsegulira njira nkhungu yowoletsa. Ndipo popeza kwanu mumalima mbatatesi, dziwani kuti kanyongolotsi kowononga mizu ya mbatatesi kotchedwa Globodera rostochiensis kamapanga expansin wakewake, n'kumulavulira pa muzu kuti kalowe mosavuta. Izi zinafalitsidwa mu 2004. Chida chomwe mbewu imakulira ndi chomwenso mbala imathyolera.

Pali ntchito imodzi imene ndikufuna muiwerenge mofatsa, chifukwa ndiyo yayandikira kwambiri njere zokhwinyata zimene mwatchula. Oweta tirigu akhala akuvutika ndi vuto lakale: ukakulitsa njere, chiwerengero cha njere pa ngala chimatsika, zokolola n'kukhala pomwepo. Daniel Calderini wa ku Universidad Austral de Chile, mumzinda wa Valdivia, anaona kuti kukula kwa njere kumatsekeredwa ndi chikopa chake chakunja m'masiku oyambirira maluwa atangotha. Chikopacho chikaleka kufutukuka, chotengera chatha kukula, ndipo ufa umene udzabwere pambuyo ungodzaza malo amene alipo. Pogwirizana ndi McQueen-Mason, amene pa nthawiyo anali ku University of York ku England, anatenga jini la TaExpA6, lomwe mwachibadwa limayaka m'mizu, nalimangirira ku swichi ya jini lina lotchedwa PinB, yomwe imayaka m'njere ikamakula. Analiika mu tirigu wa mtundu wa Fielder n'kukamubzala m'munda weniweni, mothithikana ngati mmene alimi amafesera. Zotsatira zinatuluka mu 2021: njere zinalemera ndi 12.3 peresenti, chiwerengero chake sichinatsike kwenikweni, ndipo zokolola zinakwera ndi 11.3 peresenti.

Chimene chinapambana pamenepa si kuchuluka kwa expansin. Tirigu anali naye kale jinilo. Chinapambana ndi swichi: jini limodzi mwa mazana awiri aja, loyatsidwa pamalo amodzi, m'masiku oyenera. Ndipo ndinene mosabisa kuti kuyesaku kunali kofuna kukweza zokolola m'munda wosamalidwa bwino, sikunali kuyesa ng'amba. Njere yokhala ndi chotengera chachikulu imafunabe madzi ndi masamba obiriwira oti aidzaze. Kumene mvula yadula ngala zisanakhwime, chotengera chachikulu chopanda chodzazamo chimakhwinyata basi.

Izi zikutifikitsa ku munda wa makolo anu. Ngala zazifupi zimasonyeza kuti madzi anasowa ngala ikupangika m'kati mwa tsinde, isanatuluke, nthawi imene chiwerengero cha njere chimakhazikika. Njere zokhwinyata zimasonyeza kuti kuuma kapena kutentha kunapitirira maluwa atatha, masamba n'kuuma msanga ufa usanadzaze. Pa mavuto awiriwa, zimene zimasiyanitsa mtundu wina ndi unzake ndi zambiri: kucha msanga mbewu n'kuthawa ng'amba, kuzama kwa mizu, kusunga shuga m'tsinde woti adzasamukire ku njere masamba akafa, kutseka timabowo ta masamba pa nthawi yake. Expansin ali m'kati mwa nkhani ya mizu ndi ya chikopa cha njere, koma ndi mmodzi mwa antchito ambiri, ndipo amalamulidwa ndi mahomoni ngati auxin ndi ABA, homoni imene imachuluka mbewu ikasowa madzi. Tirigu wosinthidwa majini woti apirire chilala amene anafika pololedwa kulimidwa, wotchedwa HB4, amene dziko la Argentina linavomereza mu 2020, sanagwiritse expansin. Jini lake linachokera ku mpendadzuwa, ndipo ndi la mtundu wa akapitawo, olamula majini ena ambiri nthawi imodzi.

Sindikufuna kuti mutaye chidwi chanu pa majiniwa, ayi. Ndikufuna muchilozetse pamene chingabereke. Oweta mbewu safunika kulowetsa jini lachilendo kuti apindule ndi banjali. Mitundu ya tirigu imasiyana kale pa mmene imayatsira ma expansin ake, ndipo kusiyanako kumaonekera pa zinthu zimene mungayeze ndi rula. Chimodzi ndi kachikopa kosongoka kamene kamateteza tsamba loyamba pobowola dothi, kotchedwa coleoptile. Kutalika kwake kumadalira kufutukuka kwa makoma a maselo. Mitundu yaifupi imene inafala kuchokera ku ntchito ya Norman Borlaug ku Mexico, yokhala ndi majini ofupikitsa ochokera ku tirigu wa ku Japan wotchedwa Norin 10, ili ndi kachikopa kakafupi, ndiye ukaifesa mozama kutsata chinyezi imalephera kutuluka. Ku Australia, komwe alimi amafesa m'dothi louma pamwamba, akatswiri akuweta mitundu ya kachikopa kakatali pa chifukwa chomwechi. Kwa anthu ofesa mvula ikutha ngati a ku Tsangano, nkhaniyi ndi yapakhomo.

Ngati mukufuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, tolerani mbewu za tirigu zimene alimi a kwanu amasunga, muonjezepo mitundu iwiri kapena itatu ya ku malo a kafukufuku. Fesani mtundu uliwonse pa masentimita 4, 8 ndi 12, muwerenge zimene zatuluka, mufukule zina n'kuyeza kachikopa kaja. Ina mubzale m'mapaipi a pulasitiki otalika mita imodzi, odulidwa pakati m'litali n'kumangidwanso ndi waya, odzazidwa dothi la kumunda komweko. Thirirani mpaka dothi lonse linyowe, kenako theka la mapaipiwo muwasiye osathiriranso. Pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi masulani waya, mutsegule paipi, mutsuke dothi mosamala ndi madzi a m'kapu, ndipo muyeze pamene muzu wautali wafika ndi kulemera kwa mizu poyerekeza ndi masamba. Mtundu uliwonse ukhale ndi mapaipi osachepera anayi mbali iliyonse, chifukwa mizu imasiyana kwambiri ngakhale pa mbewu za mtundu umodzi. Mtundu umene muzu wake wapitiriza kutsika m'paipi youma ndi umene muyenera kusunga mbewu yake bwino, kulemba mudzi umene mwautenga, ndi kukauonetsa kwa amene ali ndi makina oyezera majini, kuti akayang'ane mamilimita atatu a kunsonga kwa muzuwo.